Uthenga wa Ukwati ndi Mbale Wochokera Kutali



Pa chikhalidwe cha Achewa, ukwati umayamba kuyenda ngati uthenga nthungululu zisanamveke. Mnyamata akaona mbeta imene mtima wake wakhazikikapo, amakauza atsibweni ake, ndiye kuti mlongo wa amayi ake, pakuti iwowo ndiwo mwini mbumba. Atsibweniwo amanyamuka, kapena amatuma munthu wodziwa kuyala mawu, kukagogoda pakhomo pa atsibweni a mtsikana. Kumeneko yankho silituluka tsiku lomwelo. Eni khomo amalandira mawu, n'kunena kuti amva, ayambe afunsa mwana ndi abale ena, ndipo alendowo amabwerera ndi tsiku loti adzamve zotsatira. Pofika nthawi yoti tambala ndi msoti zisinthanitsidwe pa chinkhoswe, uthengawo umakhala utadutsa m'makutu mwa aliyense woyenera kuumva, ndipo pa khomo lililonse pamakhala munthu wodziwika amene adaufikitsa. Makolo adaziika chomwechi podziwa kuti banja likadzagwedezeka, anthu amene adamva uthengawo ndiwo amadzakhala pansi kulimanga. Amene sadauzidwe amakhala ndi ufulu wopinda manja n'kunena kuti ukwatiwo saudziwa.

Kale ntchito imeneyi inkatheka ndi miyendo, poti mbumba yonse inkakhala moyandikana. Lero mbale woyenera kumva uthenga amakhala kutali, ndipo kutalikaku kuli ndi mbiri yake. Malire a atsamunda adagawa Achewa pakati pa Malawi, Zambia ndi Mozambique, kotero kuti si zachilendo munthu wa ku Mchinji kukhala ndi azakhali ku Chipata kapena ku Katete, ngakhale wa ku Dedza kukhala ndi agogo ku Angónia. Pambuyo pake padabwera maulendo a ntchito: ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya Wankie, ku Copperbelt, ndi ku Joni kudzera mwa WENELA mpaka 1974, chaka chimene ndege idagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, boma la Malawi n'kuimitsa kulemba anthu a m'migodi. Ena mwa apaulendowo sadabwerere. Adasanduka matchona, ndipo adzukulu awo alipo ku Mbare ndi ku Highfield, akudziwabe mfunda wawo ndi dzina la mudzi wa agogo awo. Masiku ano njira zafika ku Johannesburg, Cape Town, London ndi Dublin. Koma atsibweni amene akugwira ntchito ku Johannesburg sadatule pansi umwini mbumba pamene ankakwera basi. Nthawi zambiri munthu amene komiti ya ukwati imamulemba m'gulu la alendo akutali ndi yemwe chinkhoswe sichingakhale ndi mutu popanda iye. N'chifukwa chake kumuuza tsiku, njira, pogona ndi zonse zofunika pa ulendo ndi ntchito ya mwambo, ya ankhoswe, ndipo siyenera kusiyidwa kwa mwana aliyense amene ali ndi foni yabwino.

Choyamba kulakwika masiku ano ndi ndondomeko ya amene ayenera kumva poyamba. Khadi la ukwati limakonzedwa mokongola, limaponyedwa pa gulu la WhatsApp, ndipo pa mphindi imodzi anthu mazana aliona: anzawo a kusukulu, a kuntchito, a kwaya. M'kati mwa anthu amenewo muli atsibweni, amene akuona tsiku la ukwati wa mwana wa mlongo wawo nthawi imodzi ndi munthu wongodutsa. Sadzalankhula kanthu. Mwina adzatumiza ndalama, mwina adzabwera n'kukhala pa mpando wakutsogolo, koma tsiku limene banjalo lidzawafune adzafunsa modekha kuti, “Kodi ukwati umenewu adaudziwitsa ndani kwa ine?” Foni payokha ilibe mlandu, imangofupikitsa mtunda umene kale unkatha masabata kalata ili pa njira. Chofunika n'choti mawu ayende monga ankayendera: nkhoswe aimbire yekha mwini mbumba, alonjere, afotokoze, afunse ngati tsiku limene likuganiziridwa lingatheke, ndipo adikire yankho. Akatero adziwitse agogo, azakhali ndi akuluakulu a mbali ya bambo, kenaka amfumu a mudzi umene mwambo udzachitikire. Khadi libwere pambuyo, likhale chikumbutso cha nkhani imene eni ake aimva kale.

Kusankha tsiku ndi pamene pamaoneka ngati banja laganizira akutali kapena ayi. Kumudzi maukwati amachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo zifukwa zake n'zodziwika: chimanga chili m'nkhokwe, fodya ndi mtedza zagulitsidwa, nkhuni n'zouma, misewu yafumbi ikudutsika, ndipo anthu atha kugona pa mphasa m'chisakasa osaopa mvula. Febuluwale, mwezi umene nkhokwe zimayamba kulira, palibe amene amauganizira. Vuto n'lakuti kalendala ya akutali siyenda ndi ya kumudzi. Ambiri a ku South Africa amapeza tchuthi chachitali mu Disembala, nthawi imene kuno mvula yayamba, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo kamtsinje kamene mu Ogasiti mwana amakalumpha kasanduka chigumula. A ku Britain amene ali ndi ana a sukulu amamasuka kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti. Palibe tsiku lokomera onse, choncho banja liyambe lafunsa kuti ndani amene sayenera kusowa, tsiku lizungulire pa iyeyo. Ngati lagwera mu Disembala, walira mvula walira matope: madyerero achitikire pafupi ndi msewu wa tala, pansi pa denga, ndipo akutali auzidwe zoona za msewu wopita kumudzi.

Pali masiku enanso oyenera kuwayang'ana. Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu ndi anthu awo amakhala ali ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ukwati woikidwa tsiku limenelo umadzisowetsa wokha akuluakulu. Abale a mpingo wa Seventh-day Adventist sapita ku madyerero pa Sabata, n'chifukwa chake maukwati awo amachitika Lamulungu. Akatolika amazemba nyengo ya Lenti, ndipo abale achisilamu sangadye nawo masana m'mwezi wa Ramadan. Zonsezi zimadziwika miyezi yambiri tsiku lisanafike. Munthu wofunika kupempha tchuthi kwa bwana, kukonzetsa pasipoti yake ndi ya ana, ndi kusunga ndalama ya tikiti, akauzidwa kutatsala masabata atatu ndiye kuti wauzidwa kuti asabwere. Miyezi isanu ndi umodzi si yochuluka kwa wokwera ndege.

Chinanso chimene chimasokoneza akutali n'chakuti ukwati wa lero uli ndi masiku ambiri. Pali chinkhoswe, pali chilangizo cha mkwatibwi, pali kudalitsa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, pali kulembetsa kwa DC kwa amene asankha njira imeneyo, ndipo pali madyerero. Nthawi zina chinkhoswe chimachitikira kumudzi mu Juni, ukwati woyera n'kudzachitikira m'tauni mu Okutobala. Munthu wa ku Cape Town sangabwere kawiri. Ayenera kuuzidwa mosabisa kuti pa masiku onsewa, limene akufunika kwenikweni ndi liti. Kwa mwini mbumba yankho ndi chinkhoswe, ngakhale chilibe keke, pakuti pamenepo ndi pamene mabanja awiri amadziwana, ankhoswe a mbali zonse amaonetsedwa poyera, ndipo nkhuku imadyedwa monga chizindikiro cha pangano. Lamulo la maukwati la 2015 ku Malawi limazindikira ukwati wa mwambo pamodzi ndi wa chipembedzo ndi wa kuboma, ndipo limaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, zimene malamulo aakulu a dziko adatsimikiza mu 2017. Komabe ngati mkwati ndi mkwatibwi adzakhale kunja, afunika kalata ya ukwati imene maofesi a kumeneko angailandire, ndipo imeneyo ikonzedwe iwo asanakwere ndege. Mipingo yambiri imalengeza ukwati masabata atatu otsatizana, choncho amene akubwera kudzakwatira kuno kuchokera kunja akambirane ndi abusa kapena ansembe nthawi ikadalipo.

Tsono ulendo weniweniwo. Wochokera ku Johannesburg pa basi amadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, amawoloka Zambezi pa Tete, kenaka njira imagawika: ina imalowera pa Zóbuè ndi Mwanza kupita ku Blantyre, ina pa Calómuè ndi Dedza kupita ku Lilongwe. Ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo umatalika mzere ukakula pa chipata. Amene ukwati wake uli ku Ntcheu kapena ku Dedza ayenera kuuza mlendo wake basi yoyenera, kuti asakafike ku Blantyre n'kuyambanso ulendo wobwerera m'mbuyo. Wochokera ku Lusaka amayenda makilomita oposa 500 pa Great East Road, kudutsa Luangwa, Petauke ndi Katete, asanafike ku Chipata ndi pa chipata cha Mwami ndi Mchinji. Wobwera pa ndege amatera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, ndipo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pali makilomita oposa 300. Onsewa asauzidwe kuti afike Lachisanu madzulo ukwati uli Loweruka. Auzidwe Lachitatu kapena Lachinayi, kuti basi ikafa pa njira kapena chikwama chikatsalira pa bwalo la ndege pakhale mpata. Ndipo pakhale dzina la munthu mmodzi, ndi nambala yake ya foni, amene adzawachingamire. Mawu akuti “mudzangoimba mukafika” amaiwala kuti foni ya ku Joni kapena ya ku London siyamba kugwira ntchito yokha munthu akangotsika.

Gawo lovuta kwambiri la ulendo ndi makilomita omalizira, ochoka pa tala kukafika pakhomo. Mwini mudzi amaiona njirayo ngati chikhatho chake, ndipo polongosola amangoti, “Mukatsika pa siteji mudzafunse, aliyense akutidziwa.” Zoonadi safunsa adadya phula, koma mlendo afunse chiyani? Midzi yambiri ili ndi mayina ofanana, ndipo kumudzi munthu amadziwika ndi mfunda kapena ndi dzina la mwana wake woyamba, pamene mlendo akudziwa dzina la pa chiphaso lokha. Kulongosola kokwanira kumatchula boma, mfumu yaikulu ya deralo, gulupu ndi mudzi. Kumatchula siteji yotsikira monga amaitchulira makondakitala, ngakhale dzinalo lisakhale pa mapu. Kumatchula zizindikiro zosasuntha monga sukulu, mjigo, chigayo, mlatho kapena mtengo wa kachere. Kumanena dzina limene eni khomo amadziwika nalo. Ndipo kumauza mlendo mtengo wa kabaza kuti asadzakangane ndi anyamata pa siteji. Ngati msewu sulola galimoto yaing'ono, zinenedwe. Ngati netiweki imapezeka pa chulu chokha, zinenedwenso. Ena amachita manyazi kutchula zimenezi, ngati kuti akunyozetsa kwawo. Chochititsa manyazi chenicheni ndi azakhali okalamba kuima pa mphambano dzuwa litalowa, katundu ali kumutu, mudzi uli kuseri kwa phiri.

Za nthawi n'zachidule. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa ola limodzi, pamene Britain imatsalira ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, zimene woonera mwambo pa foni ayenera kuzidziwa. Ndipo ngati khadi lanena 8 koloko, eni ake akhale akutanthauza 8 koloko, pakuti mlendo amakhulupirira zolembedwa.

Pogona ndi pamene ulemu wa mudzi umayesedwa. Makolo adali ndi njira yawo: anyamata ku mphala, atsikana ku kuka kwa agogo, akuluakulu kugawidwa m'makomo mwa abale, ndipo mlendo aliyense ankapatsidwa madzi osamba ndi chakudya asanafunsidwe malonje. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, bola igawidwe ndi mayina tsiku lisanafike, aliyense adziwe khomo lake ndi mwini khomo adziwe alendo ake. Amene angakonde kugona ku nyumba ya alendo pa boma asaweruzidwe kuti ndi wonyada. Auzidwe kumene ili, mtengo wake, ndi mtunda wake kuchoka pa mudzi. Nyengo nayo itchulidwe. Juni ndi Julayi wa ku Dedza ndi Ntcheu amalowa m'mafupa, ndipo ambiri okhala kunja amabwera ndi malaya opyapyala poganiza kuti kwawo kumangotentha, pamene Okutobala wa ku Salima kapena ku Chikwawa amafuna madzi akumwa ambiri ndi mthunzi. Choposa zonse ndi malungo. Mwana wobadwira ku London kapena ku Johannesburg thupi lake silidziwa malungo, ndipo ngakhale wamkulu amene wakhala kunja zaka zambiri chitetezo chake chimachepa. Makolo auzidwe kuti aonane ndi dokotala asananyamuke, pakhomo pakhale maneti okwanira, ndipo wina adziwe chipatala chapafupi ndi galimoto imene ingapite kumeneko usiku.

Ku miphika nakonso kumafunika uthenga wobwerera. Amayi amene akukonola chimanga, kufulula thobwa ndi kusonkhanitsa nkhuni ayenera kudziwa chiwerengero chenicheni, pakuti chimera sichimera tsiku limodzi. Choncho mlendo afunsidwe kuti akubwera ndi anthu angati, ndipo ayankhe. Ngati pali abale achisilamu, mbuzi ndi nkhuku zizingidwe ndi Msilamu, ndipo miphika ya nkhumba ikhale payokha. Ngati pali wodwala shuga, ophika adziwe. Ndipo ngati banja lasankha chitenje chofanana, akutali atumize miyeso yawo msanga, telala asadzagone pa makina usiku wa Lachisanu.

Pali mtundu wina wa mlendo umene umafuna chisamaliro choposa: akuchimuna kapena akuchikazi ochokera ku mtundu wina. Angoni a ku Mzimba, Atumbuka, Asena, Ashona ndi Azulu amadziwa malowolo, ndipo kwa iwo ana amatsata bambo. Akafika kwa Achewa amapeza kuti wolankhula ndi mlongo wa mayi, bambo wa mtsikana ali phee pambali. Amamva za chikamwini, zoti mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi, ndi za chitengwa, zoti kutenga mkazi kupita naye kwawo kwa mwamuna kumachita kupemphedwa. Zimenezi zikayamba kumveka pa bwalo, anthu atakhala kale pa mphasa, zimabala kukayikirana: ena amaona ngati akubisiridwa mtengo, ena amaona ngati mwana wawo akugulidwa. Ankhoswe a mbali ziwiri azikambirane nkhani zimenezi miyezi isanakwane, agwirizane za kumene banja lidzakhale ndi mwambo umene udzatsatidwe, kuti pa tsikulo pangotsala kutsimikiza. Alendowo auzidwenso zoyenera kunyamula: tambala wa akuchimuna, msoti wa akuchikazi, ndi zipangizo zimene amapatsana monga khasu, nkhwangwa, lichero, mthiko, chipande, mtondo ndi munsi. Adziwe kuti mkwatibwi adzabwera atafundidwa chitenje pakati pa atsikana ena, ndipo kuvundukula kulikonse kumafuna kandalama. Wosadziwa amaona ngati akumuseweretsa, wodziwa amaseka n'kusangalala nawo. Mkamwini aphunzitsidwe kupereka ulemu kwa apongozi, kuwapatsa njira ndi kusawathamangira ndi dzanja. Ana okulira kunja auzidwe kuti amfumu amalonjeredwa munthu atakhala pansi kapena atanjuta, kuti mayi amamanga chitenje pa bwalo la kumudzi, kuti ku nkhalango ya manda sikuyendedwa chisawawa, ndi kuti Gule Wamkulu akatuluka, munthu sayamba kujambula asanapemphe kwa eni dambwe. Mwana wophunzitsidwa zimenezi ali pa ndege amafika ngati mdzukulu, ndipo agogo ake sachita manyazi pomuonetsa kwa anzawo.

Perekani-perekani ali ndi malamulo ake amene wokhala kuno amawadziwa osaphunzitsidwa. Wotsogolera mwambo amaitana magulu: akuchimuna, akuchikazi, a mpingo, a kuntchito, anzake a mkwati, ndipo munthu mmodzi atha kudzuka kasanu kapena kakhumi. Mlendo amene waponya ndalama yake yonse m'lichero pa kuitana koyamba amakhala pansi mwambo wonse, anthu n'kumamuyang'ana. Auzidwe kuti asinthe ndalama zake zikhale zing'onozing'ono, za K100, K200 ndi K500, ndipo za K2,000 ndi K5,000 azisungire pamene dzina lake latchulidwa. Wa ku Zambia akumbutsidwe kuti kwacha ya kwawo ndi ya kuno n'zofanana dzina lokha, ndipo wa randi, wa metikali kapena wa mapaundi asinthire ku banki kapena ku malo ovomerezeka asanalowe kumudzi. Amene walephera kubwera atha kutumiza kudzera pa Mukuru, Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma nambala yolandirira ikhale imodzi, ya msungichuma wodziwika, ndipo mphatsoyo ilengezedwe pa bwalo ndi dzina lake, kuti mudzi umve kuti mwana wawo adakumbuka.

Apa pali nkhani imene mabanja ambiri amaizemba. Mbale wa kunja amaonedwa ngati nkhokwe yosatha. Komiti ikakhala pansi, dzina lake limaikidwa pa ng'ombe, pa holo, pa zoimbira, asanafunsidwe n'komwe, ndipo akamaliza kulipira zonsezo amayembekezekanso kugula tikiti, kubwera ndi mphatso za mudzi wonse, ndi kuvina kwambiri pa perekani-perekani. Ambiri mwa abale amenewa amagwira ntchito zolemetsa, amalipira lendi yokwera, ndipo ena zikalata zawo zokhalira m'dzikomo sizilola kutuluka ndi kubwerera mosavuta. Ena amasiya kuyankha foni, osati chifukwa chodana ndi abale, koma chifukwa chosowa mawu okanira. Nkhoswe wanzeru amalankhula naye payekha, amamuuza mtengo wonse wa mwambo ndi zimene ena asonkha, n'kumufunsa chimene angathe: kubwera, kuthandiza, kapena pang'ono pa zonse ziwiri. Ngati ndi mwini mbumba, thupi lake pa mphasa ya chinkhoswe liposa ng'ombe, ndipo madyerero achepetsedwe kuti tikiti ipezeke. Ngati kubwera kwakanikiratu, iyeyo atchule yekha womuimira, mng'ono wake kapena mbale wina wa bere lomwelo, ndipo zinenedwe pa bwalo kuti akulankhulayo watumidwa ndi uje. Kumuika pa foni kuti amve ndi kuyankha ndi chinthu chabwino, koma foni siingadye nkhuku, ndipo siingadzabwere usiku banja likadzayaka moto.

Maliro sapangana ndi munthu. Akagwa m'mudzi sabata ya ukwati, amfumu ndi eni mbumba ndiwo amagamula ngati mwambo upitirire mwakachetechete kapena usunthidwe, ndipo pamenepo akutali ena amakhala ali kale pa Tete kapena pa Luangwa. Munthu yemwe uja wochingamira alendo akhale ndi mndandanda wa onse ali pa njira, awauze yekha zimene zagamulidwa, mphekesera zisanawapeze. Akafika, ayambe aperekezedwa ku siwa kukapepesa, zaukwati pambuyo.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo ulendo wobwerera umafunika kukonzedwa monga wobwera. Ntchito ya ankhoswe siithera pa madyerero. Madzulo a tsikulo kapena m'mawa mwake pamakhala kulanga banja latsopano, kuwerenga ndi kupereka mphatso, ndi kukhala pansi kwa ankhoswe a mbali ziwiri kuti adziwane bwino ndi kupatsana njira zopezerana. Atsibweni amene agula tikiti ya basi ya Lamulungu m'mamawa amaphonya gawo limene adayendera masiku awiri, choncho auzidwe kuti anyamuke Lolemba kapena Lachiwiri. Kamba wa pa njira akonzedwe moganizira kumene munthu akupita. Ufa woyera, nyemba, mtedza, mfutso ndi mpunga wa Kilombero zimakondweretsa aliyense, koma wa pa ndege ali ndi malire a kulemera kwa katundu, ndipo ku Britain salola munthu kulowa ndi nyama kapena za mkaka zochokera kuno. Mwendo wa mbuzi umene agogo amangira mdzukulu wawo mwachikondi ukathera m'manja mwa a kasitomu, choncho ndi bwino udyedwe pakhomo usiku wotsazikana.

M'mawa wonyamuka, alendo amapita kukatsazika kwa amfumu ndi kwa apongozi atsopano, achinyamata amawanyamulira katundu mpaka pa siteji, ndipo saloledwa kuima okha kudikira minibasi. Nkhoswe amasunga mndandanda wake mpaka aliyense ataimba kuti wafika bwino, wa ku Chipata madzulo omwewo, wa ku Harare mawa lake, wa ku Johannesburg mkuja. Womaliza akaimba, nkhosweyo amapita kwa mwini mbumba ndi kwa amfumu kukanena kuti alendo onse afika kwawo.